Kodi utsi wa lupsa ndiwo umaitana nkhungu?

Funso: Ine ndimayendetsa Kanta yonyamula tomato ndi kabichi kuchokera ku madimba a ku Katete kupita ku Saturday Market ku Chipata, ndipo ndimanyamuka kusanache. Mu Meyi ndi Juni nkhungu ya m'madambo imakhala yoyera, dzuwa likangotuluka yabalalika. Koma cha mu Julayi, anthu akayamba kutentha tchire, imakhala yotuwa, yonunkha utsi, ndipo imakanirira pamsewu. Pofika Seputembala phiri la Kanjala silioneka bwino ngakhale masana. Atate anga amati utsi wa lupsa ndiwo umaitana nkhungu. Kodi akunena zoona?

Yankho: Bambo, atate anu musawatsutse msanga. Aona chinthu chenicheni, kungoti utsiwo ausenzetsa mlandu wonse pomwe wake ndi theka. Utsi paokha sungapange nkhungu. Ukanamaipanga paokha, mwezi wa nkhungu yambiri ukanakhala Seputembala, pamene tchire limakhala likupsa kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi. Koma inunso mukudziwa kuti m'mawa wa Seputembala galasi la galimoto limakhala louma gwa, ndipo pa udzu palibe ndi mame omwe. Zobala nkhungu ndi chinyezi ndi kuzizira. Utsi umalowerera pa nkhani ina: nkhunguyo ikapangika, ikhala yothithikana bwanji, nanga ichoka nthawi yanji. Apa ndiye atate anu alasa.

Mpweya umene timapumawu umanyamula madzi osaoneka, ndipo ukakhala wofunda umanyamula ambiri. Tengani mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse. Pa madigiri 30 ungasunge madzi pafupifupi magalamu 30. Pa madigiri 20 umasunga 17, ndipo pa madigiri 10 umangokwanitsa 9. Usiku wa Juni kumwamba kukakhala kopanda mtambo, nthaka imataya kutentha kwake mofulumira, mpweya wokhudzana nayo n'kuzizira. Mpweya wozizira ndi wolemera, choncho umatsetsereka m'mapiri n'kukadikha m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje ngati Lutembwe ndi Lunkhwakwa, komwe nthaka ikadali yachinyontho. Ukazizira kufika poti sungasungenso madzi ake onse, otsalawo amatuluka. Kukakhala kuli zii, kopanda ndi kamphepo komwe, ambiri amatera pa udzu n'kukhala mame. Pakakhala kamphepo kayaziyazi kotakasa mpweya wozizirawo, imakhala nkhungu. Mphepo ikakula, imasakaniza mpweya wapansi ndi wouma wa pamwamba ndipo sipapangika kanthu. N'chifukwa chake pamtunda mumayenda mukuona nyenyezi, koma mukangotsetsereka kulowera pa mlatho mwalowa m'chimbuuzi.

Kumene utsi umabwera ndi apa. Kadontho ka madzi sikayamba pachabe m'malere, kamafuna pogwira. Kadontho kakakhala kakang'ono zedi kamauma kasanakule, moti mumpweya wosefedwa bwino chinyezi chiyenera kuposa muyezo wake kangapo kuti madontho ayambe okha, zomwe sizichitika kunja kuno. Anayamba kuonetsa zimenezi ndi Paul-Jean Coulier wa ku France mu 1875, kenako John Aitken wa ku Falkirk ku Scotland mu 1880. Aitken analowetsa nthunzi m'mabotolo awiri agalasi, lina la mpweya wamba, lina la mpweya wosefedwa pa thonje. Mu loyamba munachita nkhungu, mu lachiwiri munali mbee. Iye anaona kuti kukanapanda tizitsotso touluka mumpweya, sikukanakhala nkhungu kapena mitambo, madzi akanamangoyenderera pa makoma ndi pa zovala.

Zimenezi mungaziyese pakhonde panu, ana akuonerera. Tengani botolo lapulasitiki loonekera mkati, la malita awiri, muthiremo madzi ofunda pang'ono, mutseke, mukhutchumule. Lifinyeni mwamphamvu ndi manja onse, kenako mulisiye mwadzidzidzi. Simuona chachilendo, mwina kautsi kochepa. Tsopano tsegulani, yatsani machesi, muwazime, muwaponye m'botolomo akadali kufuka, mutsekenso. Finyani, siyani. M'botolo monse muchita nkhungu ngati m'dambo m'mamawa. Mukafinyanso muyera mbee, mukasiya nkhungu ibwerera. Madzi ndi omwe aja, kuzizira ndi komwe kuja. Chasintha ndi kuchuluka kwa malo ogwirapo timadontho.

Wina anganene kuti basi, madala apambana. Koma dikirani. Kunja kuno tizitsotso timeneti sitisowa. Ngakhale tsiku loti mvula yatsuka kumwamba, mumpweya wodzaza kabokosi ka sentimita imodzi mumakhala mazana, ndipo m'tauni mumakhala zikwi. Tina ndi fumbi, tina ndi mchere wochokera kunyanja yaikulu ya Indian wobwera ndi mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, tina timachokera ku fungo lotuluka m'masamba a mitengo. Dambo likazizira mokwanira, nkhungu ipangika, kaya tchire lapsa kaya silinapse. Chimene utsi umachita ndi kugawa madzi omwe aja mosiyana.

Madzi a mu nkhungu ndi ochepa modabwitsa. M'bokosi la mita lija nthawi zambiri safika ndi theka la galamu lomwe. Chomwe chimakutsekani maso si kulemera kwake, koma mmene aphwanyikira. Muponye m'mwamba chikho cha chimanga chosagaya, mnzanu woima patsogolo panu mumuonabe. Chimanga chomwecho muchigaye, muponye ufawo, mnzanu uja wasowa. Masamu ake ndi awa. Madzi omwewo akagawika pa timadontho tochuluka ka 8, kadontho kalikonse kamachepa ndi theka m'mimba mwake, koma malo amene timadontho tonse pamodzi timaphimba amawirikiza kawiri. Ndiye kuti pamene mukanaona mamita 200, mukuona 100. Palibe dontho limodzi la madzi lawonjezeka. Katswiri wina, Sean Twomey, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1970 pokamba za mitambo: mtambo wopangika mumpweya wautsi umakhala ndi timadontho tambiri ting'onoting'ono, ndipo umabweza kuwala kochuluka. Nkhungu ndi mtambo womwewo, wangokhala pansi.

Kukanirira kumene mwatchula kumayambira pomwepo. Timadontho ta nkhungu timayezedwa pa maikiromita, kutanthauza milimita imodzi yogawidwa ka 1,000. Tsitsi la munthu ndi pafupifupi maikiromita 70 m'mimba mwake. Kadontho ka maikiromita 20 kamagwa pafupifupi sentimita imodzi pa sekondi. Ka maikiromita 10 kamagwa pang'onopang'ono kuposa pamenepo kanayi. Nkhungu yoyera ya mu Meyi, ya madontho okulirapo, imadzikhetsa yokha pa udzu ndi pa masamba usiku wonse. Ya utsi imangolendewera, osagwa. Komanso nkhungu ya m'dambo imachoka dzuwa likafunditsa nthaka, nthakayo n'kufunditsa mpweya kuchokera pansi. Ngati pamwamba pali utsi wophimba dzuwa, ndipo nkhunguyo payokha ikubweza kuwala kwambiri, nthaka imachedwa kufunda.

Palinso chivindikiro. Masana mpweya wapansi ndi wofunda ndipo umakwera, n'kutenga utsi kupita nawo m'mwamba. Usiku wozizira zimatembenuka: wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba pake, ndipo palibe chokwera. Mukadzapeza mpata, kwerani Kanjala m'mamawa wa Julayi muyang'ane cha ku Kapata, ku Mchini ndi ku Nabvutika. Utsi wa mbaula ndi wa zinyalala zotenthedwa madzulo umakwera pang'ono, kenako umapindika ngati wagunda denga, n'kuyala mopingasa pamwamba pa nyumba. Chipata ili pakati pa mapiri, ndipo zimene zatenthedwa usiku zimagona pomwepo mpaka dzuwa litakwera. Mpweya womwewo ndi umene umatsikira m'madambo.

Tizitsotso sitifanana pa kukonda madzi. Fumbi la msewu wa dothi ndi lalikulu, limagwa msanga, ndipo siliyamwa madzi kwenikweni. Limakutsekani maso kumbuyo kwa lole, koma pa nkhani ya nkhungu ntchito yake ndi yochepa. Mwaye wakuda wotuluka kumene mu ekizozi ya dizilo umakana madzi poyamba, mpaka utakhalitsa mumpweya n'kukutidwa ndi zinthu zina. Oopsa ndi amene ali ndi mchere. Mchere wamba umayamba kukoka madzi chinyezi chikangofika 75 peresenti, n'chifukwa chake wa m'khitchini umanyowa m'dzinja popanda wouthira madzi. Utsi wa udzu ndi mapesi uli ndi michere yake, yambiri ya potaziyamu, pamodzi ndi zotsalira za zomera zosapsa bwino zomwe nazonso zimayamwa madzi. Hilding Köhler wa ku Sweden ndiye analongosola mu 1936 mmene kachitsotso kamchere kamakulira kufika pokhala dontho. Kwa inu woyendetsa galimoto tanthauzo lake ndi lakuti tizitsotso ta utsi timayamba kufufuma chinyezi chisanafike pomwe nkhungu yeniyeni imayambira, ndipo timachedwa kuuma dzuwa litatuluka. Chimbuuzi chimayamba msanga usiku, n'kutsala nkhungu itapita.

Moto nawonso umasiyana. Wa malawi aatali woyatsidwa masana umaponya utsi wake m'mwamba. Umene ndimauopa ine ndi wonyeka pang'onopang'ono usiku: zitsa, ndowe zouma, milu ya zinyalala, uvuni wa makala kapena wa njerwa, ndi dambo limene anyamata osaka mbewa aliyatsa madzulo n'kulisiya. Moto wotere umatulutsa utsi wochuluka pa nkhuni zochepa, ulibe mphamvu yokankhira utsiwo m'mwamba, ndiponso umatulutsa nthunzi, poti chilichonse chikamapsa chimatulutsa madzi, makamaka chikakhala chachiwisi. Utsi wonyowa umenewu ukakumana ndi mpweya wozizira wa m'dambo, pamapangika nkhungu yoti ngakhale mamita atatu simuona. Mu Okutobala 2023, pa msewu waukulu wa I-55 pafupi ndi New Orleans ku America, utsi wa madambo oyaka unasakanikirana ndi nkhungu ya m'mawa, ndipo magalimoto opitirira 150 anawombana, anthu angapo n'kufa. Pamalo ngati amenewa, pafupi ndi moto wonyekawo, mawu a atate anu ndi oona ndithu, chifukwa utsiwo wabweretsa zonse ziwiri, madzi ndi pogwira.

Za Kanjala mu Seputembala ndi nkhani ina. Imeneyo si nkhungu. Oona zanyengo padziko lonse amatsata muyezo umodzi: akati nkhungu, ndiye kuti timadontho ta madzi tachititsa kuti munthu asaone kufika kilomita imodzi. Ngati chotchinga ndi tizitsotso touma, amachilemba padera. Pa malipoti opita kwa oyendetsa ndege, monga a ku Mfuwe kapena ku Lusaka, nkhungu imalembedwa FG, chimbuuzi chouma HZ, ndipo utsi FU. Inu mungazisiyanitse popanda chipangizo. Nkhungu imanyowetsa galasi, mawaipa amagwira ntchito. Chimbuuzi cha Seputembala sichinyowetsa. Nkhungu imakhala m'zigwa ndipo imatha m'mawa; chimbuuzi chimakuta dera lonse tsiku lonse. Ndiye yang'anani dzuwa. Mu nkhungu limaoneka loyera ngati mwezi, poti timadontho timamwaza mitundu yonse ya kuwala mofanana. Mu utsi limafiira, chifukwa tizitsotso ta utsi ndi ting'onoting'ono kwambiri, tosafika maikiromita imodzi, ndipo timamwaza ndi kumeza kuwala kobiriwira ngati thambo, kofiira n'kumadutsa. Dzuwa lija limalowa lili psuu, loyang'anika ndi maso lisanafike n'komwe pa mapiri, ndi muyezo wabwino wa utsi umene uli m'mwamba.

Ndipo utsi umenewo si wa aneba anu okha. Mu Ogasiti ndi Seputembala chaka cha 2000, akatswiri a mayiko ambiri anachita kafukufuku wamkulu wotchedwa SAFARI 2000, pogwiritsa ntchito ndege, masetilaiti ndi zipangizo zapansi. Amodzi mwa malo awo oyezera anali ku Mongu, kumadzulo kwa dziko lathu lino. Anaona kuti utsi wa moto wa ku Zambia, Angola, Congo ndi mayiko oyandikana nawo umasonkhana m'mwamba, makilomita angapo kuchokera pansi, n'kumazungulira masiku ambiri, ndipo nthawi zina umatuluka ngati mtsinje waukulu kulowera ku nyanja ya Indian. M'miyezi imeneyo kulibe mvula youtsuka. Choncho ngakhale mudzi wonse utaleka kuyatsa, Kanjala lingakhalebe lotuwa mpaka mvula yoyamba ya kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala. Ikangogwa, m'mawa mwake mapiri amaoneka ngati asendera pafupi. M'dzinja nkhungu imabweranso, yokuta mapiri mvula ikagwa usiku, koma imakhala yoyera ndipo sichedwa kukwera.

Umboni waukulu woti utsi umaipitsa nkhungu unachokera ku London. Kuyambira pa 5 mpaka pa 9 Disembala 1952, mpweya wozizira unadikha pa mzindawo, anthu akusonkha malasha m'nyumba zawo ndi m'mafakitale. Nkhungu inasanduka yachikasu, mabasi analeka kuyenda, ndipo m'madera ena munthu sankaona mapazi ake. Poyamba anawerenga anthu pafupifupi 4,000 omwe anafa. Kuwerenga kwa pambuyo pake kunafika cha m'ma 12,000. Mu 1956 boma lawo linakhazikitsa lamulo loletsa utsi, la Clean Air Act. Mtsinje wa Thames ukadalipo, chisanu chikadalipo, nkhungu imagwabe, koma yachikasu ija inatha pang'onopang'ono. Chipata si London, ndipo utsi wathu ulibe sulufule wochuluka ngati wa malasha awo. Komabe tizitsotso tosafika maikiromita 2.5, timene akatswiri amatitcha PM2.5, ndi tomwe timalowa mkati mwenimweni mwa mapapo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2021 kuti pa tsiku tisapitirire mamaikirogalamu 15 (maikirogalamu ndi galamu imodzi yogawidwa ka miliyoni) m'bokosi la mita lija, ndipo pafupi ndi moto wonyeka muyezo umenewu umapitirira kutalitali. Ngati muli ndi wothandizira amene amakhala kumbuyo pa katundu, kapena wina wa mphumu kapena chifuwa chosatha, m'mawa wonunkha utsi akhale kutsogolo, mawindo otseka.

Pamsewu, chinthu choyamba ndi kudziwiratu dzulo lake. Madzulo kukakhala kopanda mtambo, mphepo italeka, chisisira chitayamba msanga, utsi wa m'midzi ukuyala pansi m'malo mokwera, ndiye mwaonanso dambo la m'mbali mwa msewu likufuka, mawa lake nyamukani mukudziwa. Malo ake ndi omwe aja tsiku lililonse, pa milatho ndi potsetsereka, ndipo inu mumawadziwa kuposa ine. Chepetsani liwiro musanalowe, osati mutalowa kale. Pa makilomita 80 pa ola mumadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse. Ngati mukuona mamita 50 okha, muli ndi masekondi awiri ndi kachidutswa kuti muone, muganize, muponde buleki, Kanta yodzaza tomato n'kuima. Siingaime. Pa makilomita 40 nthawiyo imawirikiza, ndipo mtunda umene mabuleki amafuna umachepa kanayi. Magetsi akhale pa dimu. Mukaika fulu, timadontho timabwezera kuwala konse m'maso mwanu. Ngati galimoto ili ndi magetsi apansi a nkhungu, yatsani. Zimene zimapweteka anthu pa Great East Road nthawi imeneyo ndi zopanda nyali: njinga zonyamula matumba a makala, ngolo za ng'ombe, ana a sukulu, ndi lole yowonongeka imene chenjezo lake ndi nthambi zoyala pa tala. Mukaona kuti simungapitirire, tulukiranitu pa tala, muyatse mahazadi. Kuima theka pamsewu ndi kuitana basi ya kumbuyo kwanu.

Ambiri amaganiza kuti kukangocha ndiye kuti zatha. Nkhungu ya m'dambo kawirikawiri imakula dzuwa likamatuluka, cha m'ma 6 koloko mu Juni ndi Julayi, chifukwa ndi nthawi yozizira kwambiri, ndipo kuwala koyamba kumaumitsa mame n'kutakasa mpweya wonyowawo. Ndikudziwa kuti msika sudikira ndipo tomato wofika mochedwa amatsika mtengo, koma tsiku la utsi ndi bwino kudutsa madambo oipitsitsawo nthawi imeneyo isanakwane mukuyenda pang'onopang'ono, kapena kudikira ola limodzi pamtunda.

Za kutentha tchire, ine sindili m'gulu la oti moto wonse uletsedwe, chifukwa udzu ukasiyidwa mpaka Okutobala moto wake umapha ndi mitengo yomwe. A zankhalango akhala akulimbikitsa kutentha koyambirira, udzu usanaumitsitse, ndipo ali ndi mfundo. Chimene ndingapemphe anyakwawa a midzi ya m'mbali mwa msewu ndi chaching'ono: moto uziyatsidwa nthawi yoti utsi ungakwere, uzizimitsidwa dzuwa lisanalowe, zitsa zonyeka azizikwirira ndi dothi, ndipo mauvuni a makala ndi a njerwa asamangidwe m'chigwa chimene msewu umadutsa. Utsi wa ku Angola sitingauletse, koma wa chitsa chimene chikufuka mamita 100 kuchokera pa mlatho, mnyamata mmodzi wa khasu angauthetse madzulo amodzi. Atate anu ngati ali ndi mawu pabwalo la kwanu, nkhani imeneyi aipititse kumeneko Julayi asanafike.